Mthuthuthu wowira pamaliro

Tiyamike ndi Madalitso, ana anga, za kusukulu ndi za maphunziro a ulangizi wa ziweto ndidakusimbirani pakamwa mpaka mudatopa nazo, choncho sindizibwereza. Pano ndikufuna ndikulembereni za njinga yamoto ija mumaiona pachithunzi cha pabalaza, ine nditavala chipewa chachikulu kuposa mutu wanga. Mumaseka chipewacho, koma simudziwa kuti njingayo idathera kuti.

Golomoti, chaka chimene ndidayamba ntchito

Adanditumiza ku Golomoti ndili mtsikana, nditanyamula chikwama cha zida ndi pakamwa pakuthwa. Ndidakulira kumtunda kozizira, ndiye sabata yoyamba kuchigwa kuno ndinkagona pasimenti ndikufunsa Mulungu chimene ndidamulakwira. Dera langa silinkagwirizana ndi miyendo ya munthu mmodzi. Linkayambira ku Golomoti, kudutsa ku Mua mpaka ku Mtakataka, kuphatikizapo midzi ya m'madambo yolowera kunyanja. Choyendera chidali njinga yakapalasa yopanda mabuleki akumbuyo. Mankhwala a ku dibi, komwe tinkasambitsira ng'ombe kuti nkhupakupa zife, ankati akabwera kamodzi n'kusowa nyengo yathunthu, ndipo alimi ankakwiyira ine ngati kuti ndimawamwa.

Poyamba alimiwo ankandikayikira. Mkulu wina adandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, abwana ako a vetenale afika liti?" Ndidawayankha kuti abwanawo ndine, ndipo ngati ng'ombe yawo ikufuna kudikira mwamuna idikire, koma mphutsi za pachilonda chake sizidikira munthu. Adandilola kulowa m'khola akung'ung'udza. Ng'ombeyo idachira, ndipo kuyambira pamenepo dzina langa lidasanduka amayi a vetenale.

Bwana wanga adali a Mbewe, amene ankakhala ku ofesi ya kumtunda. Sadali munthu woipa mtima, ndisawanamizire. Vuto lawo lidali mantha. Ankaopa akuluakulu awo koopsa, ndipo ukawapempha kanthu, kaya ndi jakisoni, kaya chubu cha njinga, yankho lidali limodzi: "Mayi Gama, tikuyang'anapo." Adayang'anapo zaka zonse zimene ndidagwira nawo ntchito.

Chaka chimene Tiyamike adayamba sukulu

Bungwe lina lakunja litatseka ntchito zake lidasiya njinga zamoto zingapo, ndipo imodzi idagwera ine. Anzanga adalandira timithuthuthu tija tozizira ndi mphepo basi. Yanga idali yaikulu, yofiira, yokalamba, ndipo inkamwa madzi ngati galimoto. Kutsogolo kwa injini kudali redieta yosungamo madziwo, ndi mapaipi awiri akuda owayendetsa. Anzanga aamuna adaikana poopa kusowa kwa zipangizo zake, koma ine ndidailandira ndi manja awiri chifukwa ndidali nditatopa ndi kupalasa. Walira mvula walira matope. Pondipatsa makiyi a Mbewe adati, "Mayi Gama, muisamale. Ikafa iyi, ina kulibe. Mudzabwerera pa kapalasa wanu mpaka kupuma ntchito."

Miyezi yoyamba ndidamva kukoma. Ndinkapita ku Mtakataka, kubaya ng'ombe, n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu. Kenako ndidayamba kupeza timadontho tobiriwira pakhonde m'mawa. Madzi obiriwira a kusitolo amene idabwera nawo atatha, ndidayamba kuthiramo a pamjigo, ndipo mukuwadziwa madzi a mjigo wathu uja, amchere, okana thovu la sopo. Timadontho tija tidasanduka kadziwe.

Bambo anu, mphunzitsi wabwino koma wosasiyanitsa sipanala ndi supuni, adandimvera chisoni. Adakafunsa madalaivala a malole a thonje pamsika, ndipo aliyense adawapatsa nzeru yake. Wina adati dzira laliwisi likapsa m'redieta limatseka pobooka, wina adati ufa wa mgaiwa ndiwo umagwira. Bambo anu, posafuna kukhumudwitsa aliyense, adathiramo dzira ndi ufa womwe, Loweruka lina ine ndili kuchigayo. Nditabwera adandichingamira akumwetulira. "Amake Tiya, za kudontha zija muiwale." Kudontha kudalekadi. Koma Lolemba, nditangodutsa pa Mua, kanyali kofiira kochenjeza kutentha kadayaka, ndipo njinga yonse idayamba kununkha chigumu chopserera.

Ndidayenda moima ima mpaka ku Mtakataka kwa a Yusufu, mkulu wamfupi wa ndevu zoyera amene ankakonza injini za maboti a asodzi ndi njinga zamoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Nditangotsika ndidatambasula dzanja kuti nditsegule chivindikiro cha redieta ndiwaonetse. Adandimenya padzanja ngati mwana wakuba shuga.

"Astaghafirullah, amayi! Mukufuna kusiya nkhope yanu pano?" Adapinda malaya n'kundionetsa chipsera chochokera pachigongono mpaka pachikhatho. "Ichi ndidachipeza ndili mnyamata, chifukwa cha phuma ngati lanuli. Madzi otsekeredwa akawira sapereka moni."

Injini itazizira adaphimba chivindikirocho ndi nsanza, n'kuchipotoza pang'onopang'ono. Adanunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Waphika muno ndani?"

"Amuna anga."

"Alhamdulillah, muli ndi amuna okukondani. Koma mukawauze kuti azikonda inuyo, njingayi aisiye."

Adamasula redieta n'kuitsuka mpaka madzi adayamba kutuluka oyera. Mudatuluka phala, mudatulukanso timiyala toyera ta mchere wa pamjigo. Pobooka penipeni padali pachabe: paipi ya m'munsi idang'ambika kumapeto, pomwe imamangidwa. Adadula kansonga kowolako n'kuimanganso. Akugwira ntchito ankandiphunzitsa, ndipo zimene adanena ndidazisunga. Madzi akamatha usathamangire kutseka, yamba wapeza pomwe akutulukira. Uyale katoni pansi pa njinga madzulo, m'mawa uone pomwe padonthera, kenako utsate mkwasa woyera wa madzi ouma kukwera nawo m'mwamba mpaka komwe wayambira. Mapaipi uziwafinya injini ili yozizira, yofewa ngati nthochi yakupsa ndi yakufa. Pothira madzi uzithira pang'onopang'ono ukugwedeza njinga kuti mpweya utuluke. Oilo akasanduka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi alowa m'injini ndipo nkhani yatha. Madzi a pamjigo adandiletsa, adati ngati obiriwira aja sindingawapeze ndizithiramo a mvula. Kunyumba tidaika mgolo pansi pa malata, ndipo bambo anu adadzipereka kukhala woyang'anira mgolowo. Ndikuganiza kuti kudali kupepesa kwawo.

Chilimwe chotsatira

Kudontha kudatha, koma kudabwera china chimene chidatsala pang'ono kundilanda ntchito ndili moyo. Mwambo wathu mukuudziwa. Pamudzi pakagwa zovuta amayala nthambi zamasamba pamsewu, wapanjinga yakapalasa amatsika n'kuikankha, amuna amavula zipewa, ndipo wagalimoto amakwawa mpaka atadutsa nthambi zachiwiri. Ine ndinkachita za agalimoto, kukwawa m'giya yoyamba. Komanso mlangizi amadziwika ndi aliyense, sangadutse siwa ngati mlendo, ndiye ndinkaima kupepesa anamfedwa injini ikulira chapansipansi. Zaka zimenezo maliro adachuluka, sabata siinkatha osakumana ndi nthambi pamsewu.

Zidayamba pamudzi wina pafupi ndi Mua. Ndili mkati mopepesa, njinga idayamba kufwenthera, kenako idalavula madzi owira ndi nthunzi pamaso pa khamu lonse. Amayi akwaya adaduka nyimbo pakati. Zidachitikanso pamaliro ena, n'kuchitikanso. Pamsewu waukulu njinga inkathamanga bwinobwino popanda kanyali kuyaka, koma ikangoona nthambi inkawira. Anthu ali ndi maso. Mbiri idafala kuti mthuthuthu wa amayi a vetenale umanunkhiza maliro. Ena ankati mzungu amene ankaukwera kale adafera pomwepo ndipo mzimu wake sudagone. Ena ankanong'onezana kuti mwina mwini wakeyo ndiye ali ndi zake.

Poyamba ndidaseka, koma kuseka kudatha alimi atasiya kundiitana. Bambo wina amene ndidamupulumutsirapo ng'ombe zangolo adandiuza, maso ali pansi, kuti njinga ndiziisiya kumsewu isayandikire khola lake. Tsiku la katemera wa chitopa ndidakhala pansi pa mtengo ndi kabotolo kanga mpaka masana, amayi atabisa nkhuku zawo m'nyumba. Zidandipweteka kwambiri, chifukwa anthu amenewa ndidali nditawazolowera ngati abale. Ngakhale bambo anu adandifunsa mwaulemu ngati sikungakhale bwino kupempha madzi odalitsa ku parishi. Ndidawayankha kuti dzira lawo lidakanika, asayambenso zina.

Nditaipititsa kwa a Yusufu ulendo woyamba, sadapeze kanthu. Adaikwera mpaka kutali pamsewu wa tala, n'kubwera nayo ili bwinobwino. Ulendo wachiwiri sadagwire sipanala, adangondifunsa kuti, "Amayi, pamaliropo mumachita chiyani kwenikweni? Fotokozani zonse." Nditafotokoza adailiza njingayo, n'kuisiya ili chiimire pansi pa mango, iwo n'kuyamba kuthira tiyi.

"A Yusufu, ine ndabwera ndi mavuto, inu mukundipatsa tiyi?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Imwani."

Tisanamalize makapu, kanyali kofiira kadayaka. Adandikoka kuti nditchere khutu pafupi ndi redieta.

"Mukumva chiyani kupatula injini?"

"Palibe."

"Palibeyo ndiye matenda ake."

Adaizimitsa n'kundionetsa kafani kakang'ono kobisala kuseri kwa redieta, kamene ine sindinkadziwa n'komwe kuti kaliko. Ntchito yake idali kudzuka kokha n'kupemerera redieta injini ikatentha njinga ili poima kapena ikukwawa. Pothamanga, mphepo ya pamsewu inkagwira ntchitoyo, ndiye matenda ankabisala. Adaona fyuzi, idali yamoyo. Adalumikiza kafaniko ndi waya molunjika ku batire, sikadagwedezeke. Atakamasula tidapeza kodzaza ndi usinga wa thonje ndi matope ouma, mkati mwake mutapsa kalekale. Adakaika m'manja mwanga n'kunena kuti, "Mzimu wa mzungu wanu ndi umenewu."

Kafani kotero sikadapezeke ku Mtakataka, ku Salima ngakhale ku Lilongwe. A Mbewe adati akuyang'anapo. A Yusufu ndiye adandiuza kuti, "Njinga yanuyi yatsala ndi mayendedwe awiri, kuthamanga kapena kuzima. Chapakati palibe." Kuyambira pamenepo ndikaona nthambi ndinkazimitsa injini, kutsika, kuvula chipewa, n'kuikankha ngati anzanga a kapalasa. Idali yolemera, thukuta linkachita kuyenderera kumsana, ndipo mumtima ndinkatukwana amene adaipanga. Koma anthu adaona zina. Mayi wina wachikulire adanena mokweza ndikudutsa kuti, "Taonani ulemu. Anzawo a boma amatithira fumbi, awa amatsika." Njinga idasiya kuwira, ndipo pamudzi adagwirizana kuti mizimu inkangofuna ulemu wake. Sindidatsutse. Ndidaona kuti makaniko ndi akuluakulu a pamudzi andilembera mankhwala amodzimodzi, ndipo alimi adayambanso kundiitana.

Okutobala, chaka chimene Madalitso adasiya kuyamwa

Katoni ya pakhonde idayambanso kunyowa, ulendo uno chapakati. Nditatsata mkwasa woyera ndidapeza kuti ukuchokera pa kabowo ka pansi pa pampu yoyendetsa madzi. A Yusufu adapukusa mutu. Kalabala kotseka madzi mkati mwa pampuyo kadali katatha, ndipo apa panalibe chodula kapena chomanga, pankafunika katsopano. "Ikhoza kupirira mwezi, ikhozanso kutaya madzi onse lero lomwe," adatero. A Mbewe adatsika okha kudzaona, ndipo adalamula kuti njinga iime mpaka kalabalako katapezeka. "Mukaiyendetsa n'kufa, mlandu ndi wanu, Mayi Gama. Ine sindidzakuikirani kumbuyo." Ulendo umenewu ankanena zoona ndipo ndinkadziwa. Njinga idalowa m'chipinda chosungira chimanga, ine n'kufufuta kapalasa wanga.

Kumudzi wina wa kudambo, kutali kolowera kunyanja, kudali mayi wamasiye, aNachisale. Amuna awo atamwalira, achibale a malemuwo adabwera n'kukokolola ng'ombe zonse, ngolo, ngakhale malata amene adali asanakhomedwe. Adangosiya kang'ombe kamodzi kakakazi koonda, poganiza kuti n'kosabereka. Ine ndidakamwetsa mankhwala a njoka zam'mimba, kadanenepa, kadatenga bere. ANachisale adaika moyo wawo wonse pa ng'ombe imeneyo. Ankati ikabereka azidzagulitsa mkaka kuti ana awo anayi asasiye sukulu, ndipo ankaisisita pamphumi polankhula.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo kudafika a Lufeyo, oyandikana nawo nyumba aNachisale, malaya atanyowa ndi thukuta. Adati ng'ombe ija idayamba kubereka dzulo, kwangotuluka mwendo umodzi, amuna a pamudzi ayesa kukoka ndi chingwe koma zakanika, ndipo tsopano yagona pansi. Iwo adanyamuka m'mawa pa kapalasa n'kufika masana. Ine pa kapalasa wanga, ndi mchenga wa njira imeneyo, ndikadafika kukuda, kukapeza anthu akugawana nyama. Ndidaima pakhomo la chipinda cha chimanga ndikuyang'ana njinga yofiira ija. Bambo anu adali atabwera kudzadya.

"Amake Tiya, a Mbewe paja adati chiyani?"

"Ndikudziwa zimene adanena."

"Ikafera m'njira?"

"Ndikudziwanso."

Bambo anu adatuluka, ndipo ndidamva akupendeketsa mgolo wawo uja. Mu Okutobala madzi a mvula amakhala atatsala a pansi penipeni. Adadzaza chigubu chimodzi, china chidalekera pakati, n'kuzimanga okha kumbuyo kwa njinga.

Pa tala zidayenda bwino chifukwa mphepo inkandithandiza. Mavuto adayamba nditakhotera m'njira ya kudambo. Mumchenga njinga siithamanga, imalira kwambiri koma ikukwawa, ndipo kameneko ndi kayendedwe kachapakati kaja a Yusufu adandiletsa. Kudontha kudasanduka kamtsinje kothira pa nsapato yanga. Kanyali kakayaka ndinkaima, kudikira kuti izizire, kutsegula ndi nsanza, kuthira madzi. Kudikirako ndiye kudali chilango, chifukwa m'maso mwanga ndinkangoona ng'ombe itagona chammbali. Chigubu choyamba chidatha, chachiwiri chidatsatira.

Ngati kuti zimenezo sizidakwane, pamudzi wa pakati pa ulendo ndidapeza nthambi pamsewu. Ndikuuzeni zoona, mtima udandiuza kuti ndingodutsa liwiro, wakufa wafa kale. Koma dzanja lidazimitsa injini lokha. Nditayamba kukankha mumchengamo njinga idakana kusuntha. Bambo wina wa pagulu la adzukulu okumba manda adandifunsa komwe ndikuthamangira, ndipo nditatchula ng'ombe ya aNachisale adakodola anzake. Adandilanda njingayo n'kuikankha okha mwakachetechete kudutsa pasiwa, ine ndikutsatira chipewa chili m'manja. Amayi ophika adatenga zigubu zanga n'kuzidzaza ndi madzi a m'ndowa zawo. Adali a pamjigo, amchere, koma tsiku limenelo sindidasankhe.

Madziwo sadandifikitse kutali. Kalabala kaja kadali katatheratu, madzi ankatuluka monga momwe ndinkawathirira. Ndidatsala ndi zigubu zouma pakati pa dambo lopsa ndi moto wolusa, popanda nyumba kapena chitsime, migwalangwa ya mudzi wa aNachisale ikuoneka kutali ngati timitengo ta machesi. Kanyali kadali kofiira. Apa ndiye padali posankha. Ndikadaizimitsa n'kuyamba wapansi, njinga ikadapulumuka, kalabala kakadzapezeka n'kuyendanso zaka. Koma ng'ombe imene yagona kuyambira dzulo siidikira munthu woyenda pansi ndi chikwama cha zida. Ndidakhala pachishalo, ndipo ndidachita mantha enieni, oopa ntchito yanga ndi chakudya chanu. Kenako ndidaisisita pathanki n'kunena mokweza kuti, "Pepa mnzanga." Ndidailiza n'kupotoza mafuta mpaka kumapeto.

Idandinyamula mtunda wautali kuposa momwe ndinkayembekezera. Kenako kulira kwake kudasintha, mphamvu idayamba kuchepa, fungo la chitsulo chopsa lidandilowa m'mphuno, mkati mudagogoda kangapo, ndipo idazima. Apo n'kuti madenga a mudzi akuoneka bwinobwino. Ndidaigoneka pambali pa njira, chikwama pamutu, n'kudula m'minda ndikuthamanga.

Ng'ombe ndidaipeza ili moyo, maso atalowa mkati. Amuna aja adali chiimire ndi chingwe chawo, ndipo ndidawathamangitsa ndi mawu amene sindingalembe pano. Ndidapaka sopo mkono wonse n'kulowetsa. Mutu wa mwana udali utapindikira kumbuyo, n'chifukwa chake kukoka konse kuja kunkangong'amba mayi wake mkati. Ndidamukankhira mwanayo m'kati, kuwongola mutu, kupeza mwendo wachiwiri, n'kumanga zingwe. ANachisale ndi amayi awiri ankakoka ndikanena, n'kuleka ndikanena. Lidatuluka thole lalikazi, lili zii. Ndidalichotsa zam'mphuno, kulitokosa ndi kaudzu, kulipukuta ndi chiguduli mwamphamvu, mpaka lidayetsemula. Koma mayi wake ankataya magazi amene jakisoni wanga sakadawaletsa. Ndidakama msanga mkaka woyamba uja wachikasu m'kapu n'kulimwetsa tholelo. Dzuwa lisanalowe ng'ombe ya aNachisale idatsirizika, mutu wake uli pamiyendo pawo.

Masabata otsatira

Njinga idapita ku Mtakataka pangolo ya a Lufeyo. A Yusufu adasolola kachitsulo koyezera oilo, adakayang'ana, adayesa kupukusa injini koma idali itagwirana. "Pepani amayi, yanoka," adatero, ndipo tsiku limenelo sadaseke kapena kundiphunzitsa kanthu. A Mbewe adandiitanitsa kumtunda. Adatseka chitseko n'kundifunsa kuti, "Ndiye mukundiuza kuti mwapha njinga ya boma chifukwa cha ng'ombe imene yafanso?" Ndidati inde bwana. Pambuyo pake adandidzudzula pamaso pa akuluakulu awo, ndipo lonjezo lawo lija adalisunga, lokhalo mwa malonjezo awo onse. Ndidapalasa mpaka tsiku lopuma ntchito.

Musaganize kuti ndikudzitamanda. M'zaka zotsatira kudali makola ambiri amene ndidafikako mochedwa chifukwa chosowa njinga ija, ndipo eni ake adalibe mlandu uliwonse. Ndikaika ng'ombe zawozo mbali imodzi, thole limodzi mbali inayo, sikelo siindikomera. A Mbewe adali ndi mfundo, ndipo masiku amenewo ndinkayenda ndi mkwiyo, wokwiyira iwo, amuna a chingwe aja, ndi ine ndemwe.

Ndi mkwiyo womwewo ndidapalasa kubwerera kudambo kukaona ngati tholelo lidakali moyo. Ndidapeza aNachisale atakhala pakhomo la khitchini, akulimwetsa mkaka wopempha kwa a Lufeyo m'botolo lomangidwa chala cha gulovu imene ndidawasiyira. Linkagona m'khitchini momwemo pamodzi ndi ana. Titapatsana moni ndidalephera kudzigwira.

"Mayi, pepani. Ndidachedwa. Njinga ndidapha, ng'ombe yanu sindidaipulumutse. Ulendo wonse uja udali wachabe."

Adapukuta pakamwa pa tholelo ndi nsonga ya chitenje, kenako adati, "Amayi a vetenale, tsiku lija ana atandiuza kuti kukubwera munthu akuthamanga m'munda, mukudziwa chimene ndidachita? Ndidawauza kuti akabise mbuzi kuseri kwa nkhokwe. Chimwalirire bambo a ana awa, aliyense wothamangira pakhomo pano amadzatenga kanthu. Inu ndinu woyamba kubwera mothamanga osadzatenga kalikonse."

Adandipatsa botolo lija kuti ndimalizitse, ndipo ndidagwada pafumbipo n'kulimwetsa tholelo, misozi ikugwera pamutu pake.